Grid ya 27 km kapena 3 km pa WRF-Chem?

Anzanga ndithandizeniko, ndikuyendetsa WRF-Chem, pulogalamu ya pa kompyuta yoyerekezera nyengo ndi mmene mpweya woipa umayendera mumlengalenga, kuti ndione mmene utsi wa SO2 (mpweya wa sulfur dioxide) wochokera pa chumuni cha fakitale ukuyendera ndi mphepo. Pa grid ya 27 km (pomwe dera lagawidwa m'mabokosi a 27 km mbali iliyonse) utsiwo ukungomwazika bokosi lonse nthawi yomweyo, manambala akutsika kwambiri poyerekeza ndi zomwe makina oyezera pafupi ndi fakitaleyo akuonetsa, ndipo chigwa chomwe utsi umakhazikikamo usiku sichikuoneka nkomwe. Nditayesa 9 km zasinthako ndithu koma kompyuta ikulemedwa zedi, paja ukachepetsa bokosi katatu ntchito imachuluka pafupifupi ka 27. Ndiye ndipite pa 3 km ndi nesting (kuika grid ya mabokosi ang'onoang'ono mkati mwa grid yaikulu) pamalo ochepa chabe, kapena vuto ndi kuchepa kwa ma level (magawo a mlengalenga kuchokera pansi kupita m'mwamba) pafupi ndi nthaka? Nanga pa 3 km cumulus scheme (gawo la pulogalamuyi loyerekezera mitambo ya mvula) mumaizimitsa?