Kodi liwiro la muvi ndingaliyeze ndi foni?

Wofunsa:
Akuluakulu, thandizeni. Ndili ndi mauta awiri osema pamanja, wina wa nsinga yachikopa, wina wa nsinga ya nayiloni. Ndikufuna kudziwa umene umathamangitsa muvi kwambiri, koma chronograph (makina oyezera liwiro la muvi) ndilibe. Foni ingathe?

Yankho loyamba:
Ingathe achimwene, pojambula mawu. Kolowekani muvi pansinga osakoka, muyeze mamita 10 kuchokera kunsonga ya muviwo kukafika pachandamale. Chandamale chikhale katoni yolimba, kuti muvi ukalasa pamveke kuti phaa! Foni muiike pakati penipeni, pa mamita 5, chapambali pang'ono kuti isalasidwe.

Apa m'pamene ambiri amalakwitsa. Phokoso limayenda mamita pafupifupi 343 pa sekondi, ndiye foni ikakhala pamapazi panu, kulira kwa katoni kumachedwa ndi masekondi 0.03, muvi wothamanga mamita 50 pa sekondi n'kuoneka ngati wa 44. Ikakhala pakati, phokoso la mbali zonse limachedwa mofanana.

Mawuwo muwatsegule mu Audacity, pulogalamu ya pakompyuta yoonetsa mawu ojambulidwa ngati chithunzi. Muona timapiri tiwiri, ka kulira kwa nsinga ndi ka kugunda kwa muvi. Gawani 10 ndi nthawi ya pakati pa timapirito. Mukapeza masekondi 0.2, ndiye mamita 50 pa sekondi. Pochoka pauta umakhala ukuposa pamenepo pang'ono, poti mpweya umaubweza m'njira.

Yankho lachiwiri:
Zoonadi, koma muvi ukhale umodzi womwewo pa mauta onse. Wabango wopepuka umathamanga ngakhale pauta wofooka, ungakunamizeni. Uyezeni pasikelo ya magalamu: uta wokoka makilogalamu 20 umafuna muvi wa magalamu pafupifupi 28. Wopepuka kwambiri ayi, mphamvu yotsala imabwerera mumtengo, uta n'kung'aluka. Lembani chizindikiro pamuvi, tinene pa masentimita 70, muzikoka mpaka chifike pauta nthawi zonse, n'kutaya pompo. Uta wamtengo mukaugwira nthawi yaitali mutakoka, umafooka. Ponyani kasanu pa uta uliwonse, muphatikize zotsatira, mugawe ndi 5.

Wofunsa:
Zikomo bambo. Nanga nyengo ili ndi kanthu?

Yankho lachitatu:
Kwambiri. Dzinja mtengo umayamwa chinyezi, nsinga yachikopa n'kutamuka, liwiro limatsika. Onse awiri muwayeze tsiku limodzi, kopanda mphepo. Musanayambe, onetsetsani kuti mpata wa pakati pa nsinga ndi chogwirira ndi wofanana, ngati masentimita 15. Nsinga ikatamuka, ipotokoleni ifupike.