Za zikwama zanga za chitenje zija: nazi momwe zayendera

Mwezi wathawu ndinafunsa ngati kuli kwanzeru kuika zikwama zomwe ndimasoka kuno ku Mabvuku mumzinda wa Harare pa timisika ting'onoting'ono ta pa intaneti, m'malo modalira msika wa ku Avondale Loweruka lokha. Zikomo amayi nonse munandiyankha.

Ndinayesa timisika tiwiri takunja. Kena ndinakasiya sabata yomweyo: kamalipira kudzera njira yomwe kuno sitingalandirire ndalama. Kamsika kenako kanabweretsa wogula mmodzi wa ku London, koma mtengo wotumizira unaposa wa chikwama chenichenicho, ndiye anangoti zii.

Chomwe chandithandiza ndi katalogu ya WhatsApp Business pamodzi ndi Facebook Marketplace. Achibale athu a ku Johannesburg amatumiza ndalama pa Mukuru, a muno mumzinda pa EcoCash, njira yotumizira ndalama pa foni. Ine ndimatchula mtengo m'madola a America. ZiG, ndalama ya kuno ku Zimbabwe, ndimalandira wogula akachita kuumirira.

Zithunzi nazo! Poyamba ndinkajambulira pa bedi usiku, chitenje chofiira chinkaoneka ngati chabulauni. Tsopano ndimapachika chikwama pa khoma la laimu m'mawa, zipi yotsegula kuti nsalu yam'kati ioneke.

Achemwali munafunsa za sitolo ya zipi: ndimagula ku Mbare, muno mu Harare.