Nyumba ya agogo: Silverest kapena Chilenje?

Malume: Mwaswera bwanji nonse. Amayi afika kuno ku Lusaka kuchokera ku Katete kumapeto kwa mwezi uno, ndipo azikaonedwa ku chipatala chachikulu cha UTH mwezi uliwonse chifukwa cha shuga uja. Adzakhala ndi Nabanda komanso Mzime. Nyumba zapezeka ziwiri. Ya ku Silverest ndi ya zipinda zitatu, mpanda wakewake, eni ake akuti K4,500. Ya ku Chilenje South ndi ya zipinda ziwiri, bwalo logawana ndi banja lina, K6,000. Tigwirizane sabata ino lendi isanatengedwe ndi ena.

Mayi aang'ono: Apa palinso chokambirana? Yaikulu ndi yomwenso ili yotsika mtengo. Amayi azolowera bwalo lalikulu, akadzala mpiru ndi chibwabwa kuseri. Komanso basi yochokera ku Chipata imadutsa pomwepo pa Great East Road, ufa ndi nsawa za kumudzi azingotsitsa pamsewu osakafika nazo ku siteshoni ya mabasi ya Intercity.

Nabanda: Amayi, za dimbazo n'zoona, koma tiwerengere kaye zokwera. Ntchito yanga ili ku Woodlands. Kuchokera ku Silverest ndi minibasi ziwiri popita, ziwiri pobwera. Mzime ku koleji ya Evelyn Hone imodzi popita, imodzi pobwera. Maulendo 6 pa tsiku, masiku 22, akukwana 132. Tingoyerekeza K20 ulendo umodzi kuti masamu aphweke, ndi K2,640. Kuchokera ku Chilenje ndi maulendo 4 pa tsiku, 88 pamwezi, ndipo ndi aafupi. Tikaika K15 ikhala K1,320. Pa K1,500 yomwe tikuti tapulumutsa pa lendi patsala K180 basi.

Mzime: Ndipo K180 imeneyo sikwanira ngakhale takisi ya Yango yopita kokha ku UTH. Agogo sangakwere minibasi ziwiri ali ndi njala yoyezetsa magazi.

Nabanda: Onjezani kuti ERB, bungwe loyang'anira za mafuta ndi magetsi, imaunika mtengo wa mafuta mwezi ndi mwezi. Lendi timasainirana chaka chonse, koma ya basi ikhoza kusintha pakati pa chaka, ndipo wokhala kutali ndiye imam'pweteka kwambiri. Nthawi nayonso. Ngakhale anamanga flyover pa Munali ndi pa Arcades, magalimoto a ku Chongwe, ku eyapoti, Chelstone ndi Avondale onse amathira mu msewu umodzi womwewo. Wofuna kufika 8 koloko ayenera kutuluka kusanache bwino, n'kubwera kutada. Agogo adzakhala okha tsiku lonse.

Malume: Mfundo yomalizayi ndi yaikulu kuposa ndalama. Koma chipatala cha Levy Mwanawasa chili pa msewu womwewo, ku Chainama. Bwanji osapempha kuti fayilo yawo ipite kumeneko?

Mayi aang'ono: N'zotheka kupempha, koma amene amalemba kalata yosamutsa ndi dokotala, osati ife. Tisamange dongosolo pa chinthu chomwe sitinapatsidwe. Chilenje ili ndi chipatala chake cha Level One pafupi, usiku shuga atatsika mukhoza kuthamangira kumeneko. Apa ndavomera, ngakhale dimba likundiwawabe.

Achimwene: Ndiloleni ndinene za madzi, chifukwa nyumba zonse ziwiri zili ndi pofunsa. Ku Silverest nyumba zambiri zimadalira borehole, pampu yamagetsi ndi thanki pamwamba. Magetsi akathima pampu yaima, ndiye chomwe chimakupulumutsani ndi kukula kwa thanki. Anthu atatu, kusamba, kuchapa, kuphika ndi chimbudzi chogejemula chomwe chimameza malita 6 mpaka 9 nthawi imodzi, werengerani malita 250 pa tsiku. Thanki ya malita 2,500 ndi masiku khumi. Koma funsani ngati paipi ya borehole imeneyo sikupitanso kwa aneba. Thanki yomweyo ikamamwetsa mabanja anayi, tsiku lachitatu mpopi ukungotulutsa mphepo. Funsaninso ngati madzi amachepa mu Okutobala ndi Novembala. Borehole yosazama imayamba kukoka mchenga nthawi imeneyo, ndipo pampu ikazungulira popanda madzi imapsa. Mu pangano mulembedwe kuti yapsa agula ndani.

Mzime: Nanga kumwa, ndi abwino?

Achimwene: Osangokhulupirira poti akuoneka oyera. Mbali yaikulu ya Lusaka yakhala pa miyala ya laimu ya ming'alu, zonyansa za mu soakaway, dzenje lomwe madzi a kuchimbudzi amathera, zimayenda msanga pansi n'kukalowa m'madzi. Pakati pa borehole ndi soakaway pamafunika mamita 30, koma pa puloti ya 20 kwa 30 mtunda umenewo umavuta kupezeka, ndipo ya aneba ikhoza kukhala kuseri kwa mpanda penipeni. Yendani ndi mapazi muwerenge. Tonse tikukumbukira kolera ya kumapeto kwa 2023 mpaka 2024, pamene Heroes Stadium inasanduka chipatala. Madzi akumwa a agogo aziwiritsidwa kapena kuthiridwa klorini, kulikonse komwe tisankhe. Chinanso, madzi a laimu amaundana mu ketulo ndi mu giza, element sichedwa kufa.

Malume: Nanga ku Chilenje?

Achimwene: Kumeneko ndi a paipi, a bilu. Vuto limakhala mphamvu ya madzi ndi maola omwe amatuluka. Tsegulani shawa masana, osati m'mawa mokha. Funsani banja la pabwalopo, iwo ndi amene anganene zoona, osati ejenti. Onani bilu yomaliza kuti tisalowe m'ngongole ya amene anatulukamo. Pakapanda thanki, madiramu awiri a malita 210 otseka bwino akwanira masiku awiri mosamala.

Mlamu: Zikomo alamu. Za magetsi ine ndiyambire pa mita. Ikhale ya nyumba imeneyo yokha. Mayunitsi oyamba pamwezi ndi otsika mtengo, ukamagula ambiri mtengo wa yuniti umakwera. Mabanja awiri pa mita imodzi amafika msanga pa mtengo wokwera, kenako mikangano ya kuti wasita ndani, waphika nyemba pa sitovu ndani. Ya ku Chilenje ija, poti bwalo ndi logawana, muonetsetse. Nyumba zakale muyang'anenso bokosi la mabreka ngati lili ndi earth leakage, breka yodula magetsi akamathawira pansi, dinani batani loyesera muone ngati likudula.

Nabanda: Alamu, insulin ya agogo ikufuna firiji. Zikabwereranso za 2024, madzi atachepa ku damu la magetsi la Kariba magetsi n'kumabwera maola ochepa pa tsiku, tidzatani?

Mlamu: Yosatsegula imafuna madigiri 2 mpaka 8, ndipo isaundane, musaike mu freezer kapena kugunditsa ku ayezi. Yomwe yatsegulidwa imatha kukhala kunja pafupifupi milungu inayi ngati malo ndi ozizira, koma kutentha kwa Okutobala kuno kumapyola 30, choncho werengani pepala la m'bokosi ndipo mufunse ku pharmacy. Firiji yaing'ono imadya pafupifupi yuniti imodzi pa tsiku. Batire la 12V 200Ah limasunga mayunitsi 2.4, koma la lead acid simulitsitsa kupyola theka, mukatero silikhalitsa. Zenizeni ndi 1.2, zokwanira firiji, mababu anayi a LED ndi mafoni, basi. Pakhale panelo la sola la mawati 400 kapena kuposa kuti lizidzaza masana. Ketulo, ayironi ndi sitovu zisayandikire. Pampu ya 0.75 kW nayo musaiyese pa inverter (chosandutsa mphamvu ya batire kukhala magetsi a m'nyumba) ya 1 kVA, podzuka imakoka katatu kapena kuposa ndipo inverter imadula pomwepo. Ku Silverest tidzafunika yaikulu, kapena kumangodikira magetsi kuti tidzaze thanki, ngakhale abwere pakati pausiku.

Mayi aang'ono: Kuphika azigwiritsa gasi ya 9 kg ndi mbaula ya nyemba. Koma Nabanda, mbaula isalowe m'nyumba mu Juni ndi Julayi ngakhale agogo anu adandaule kuzizira. Utsi wa makala sununkha, umapha anthu ali mtulo. Ndipo zogula zambiri monga tomato, anyezi, kapenta ndi mbatata, tizitenga ku msika wa Soweto kamodzi pamwezi n'kugawana nyumba zitatu. Kugula pang'onopang'ono pa kantemba ndiko kumamaliza ndalama.

Mzime: Msewu wolowera ku nyumba ya Silverest ndi wafumbi, pafupifupi mphindi 15 wapansi kuchokera pa tala. Mu Januwale ndi matope. Ya Chilenje ili ndi masitepe atatu pakhomo ndi bafa lokwera, mawondo a agogo sangalole.

Achimwene: Zimenezo n'zokonzeka. Chitsulo chogwirira pakhomo ndi china ku bafa, mpando wapulasitiki ndi mphasa ya labala. Ntchito ya tsiku limodzi, bola eni nyumba alole kuboola khoma. Zilembedwe.

Malume: Chabwino. Tikupendekera ku Chilenje, koma osalipira ngwee imodzi tisanaone. Wolandira ndalama aonetse chitupa cha NRC ndi pepala la umwini, mayina afanane, ndipo dipoziti ilembedwe padera ndi risiti yake. Polowa ndi lendi ndi dipoziti, K12,000. Ine ndiika K4,000, achemwali K3,000, Achimwene ndi alamu K2,500 aliyense. Mwezi ndi mwezi Nabanda apereke K2,500, yotsalayo K3,500 tigawane anayife. Za batire ndi sola tidikire mtengo kwa alamu.

Mayi aang'ono: Yanga ituluka pa chilimba, gulu lathu losonkherana ndalama, pa 25, ndidzatumiza pa foni kudzera pa MoMo tsiku lomwelo.

Mlamu: Loweruka ndibwera ndi tesita. Tikumane pa msika wa Chilenje 10 koloko.

Achimwene: Tipite 2 koloko masana alamu, m'mawa madzi amatuluka paliponse, sitiona kanthu. Mzime, ubwere ndi tepi tikayeze chitseko cha ku bafa ndi chipinda cha agogo, bedi lawo la ku Katete ndi lalikulu.