Galimoto ikumazima yokha ndili pa liwiro, koma ikazizira imalira bwinobwino

Kambalame06:
Akuluakulu, ndithandizeni nzeru. Ndili ndi Honda Fit ya 2006, ya injini ya 1.3 ija ya mapulagi 8. M'mawa imalira kamodzi n'kamodzi, koma ikatentha ndikayendako ndithu, imangozima ndili pa liwiro. Sikhosomola, sinjenjemera, imangoti zii ngati wina wapotokola kiyi. Magetsi a pa dashibodi amayaka onse, wailesi osasiya kuimba. Ndikayesa kuliza pompo, sitata imazungulira mwamphamvu koma injini siigwira. Ndikadikira pambali pa msewu mpaka izizireko, imalira ngati palibe chachitika.

Makaniko wanga anasintha mapulagi onse, vuto lidakalipo. Pano akuti tigule pampu ya mafuta. Ndisanatulutsenso ndalama, alipo anakumanapo ndi zoterezi? Chikundiopsa kwambiri n'chakuti ikazima mabuleki amalimba.

MwiniSipanala:
Achimwene, pampuyo musagule kaye. Mmene mwafotokozeramu, ine ndikukayikira sensa ya crankshaft. Kachipangizo kameneka ndi kamene kamauza kompyuta ya galimoto kuti injini ikuzungulira komanso kuti mapisitoni ali pati. Kakasiya kutumiza uthenga, kompyuta imadula moto wa ku mapulagi ndi mafuta nthawi imodzi, n'chifukwa chake injini imafa mosatsanzika. Ndipo kakayamba kutha, kamakonda kuvuta kakatentha, kenako n'kuchira kakazizira. Pampu ikamafooka nthawi zambiri imayamba yakuchenjezani: galimoto imachepa mphamvu pachitunda, imadukiza mukaponda mafuta, kenako n'kuzima.

Ikadzazimanso musathamangire kutsegula boneti. Chitani ziwiri izi muli pampando pomwepo. Zimitsani wailesi, tembenuzani kiyi kufika pa ON osaliza, mumvetsere. Pa Honda pampu imang'ung'udza pafupifupi masekondi awiri. Khutu lanu liloze pansi pa mipando yakutsogolo, chifukwa pa Fit thanki ili pamenepo, osati kumbuyo. Kenako lizani mukuyang'ana singano ya rev, ija yosonyeza liwiro limene injini ikuzungulira. Yambani mwaiona m'mawa galimoto ili bwino kuti mudziwe mmene imachitira sitata ikamazungulira. Ngati m'mawa imagwedezeka pang'ono koma pa nthawi ya vutolo yangogona pa 0, ndiye kuti uthenga wa sensa sukufika.

Nachisale_M:
Ndikugwirizana nawo, koma muonenso zinthu zosafuna ndalama. Yanga inkazima ndikagunda bampu, ndipo vuto linali waya wa earth wochokera ku batire, unali utakhwefuka. Gwedezani ma terminal ndi dzanja, sayenera kusuntha ngakhale pang'ono. Injini ikulira, batire liziwerenga pakati pa 13.5 ndi 14.5 volts. Za mabuleki musadabwe, injini ikazima amatsala ndi mphamvu yopondera kamodzi kapena kawiri basi. Musamapope. Pondani kamodzi mwamphamvu, yatsani ma hazard, patukani.

MwiniSipanala:
Zoona mayi, earth aione ndithu. Kungoti a Kambalame akuti magetsi a pa dashibodi amayaka ndipo wailesi siduka. Likanakhala vuto la batire kapena switch ya kiyi, nthawi zambiri zinthu zikanathima kapena kuphethira limodzi ndi injini. Komanso lawoli likutsatira kutentha, osati mabampu.

Chinanso achimwene, pitani akailumikize pa makina a diagnosis, ngakhale nyali ya check engine itazima. Soketi yake ya mabowo 16 ili pansi pa dashibodi mbali ya dalaivala. Mukaona P0335, imeneyo ndi nambala ya dera la sensa ya crankshaft. Ndati dera, chifukwa nambalayo sisiyanitsa sensa yakufa ndi waya woduka kapena pulagi yolumikizira mawaya a sensayo yodzaza oilo. Ndipo musalole kuti achotse batire musanawerenge, pena manambalawo amafufutika.

Kambalame06:
Zikomo nonse, ndabwera ndi lipoti. Yazimanso dzulo, ndipo ndinachita monga munanenera a MwiniSipanala. Pampu ndinaimva bwinobwino pansi pa mpando, singano ya rev osasuntha n'komwe. Itazizira n'kulira, ndinapita nayo pa makina ndipo P0335 inatulukadi. Makaniko poyamba anaumirirabe za pampu (munthu akaikonda nkhani yake!), koma ataona nambalayo anakwawira pansi. Mawaya ali bwino, pulagi ya sensayo ndi youma, choncho tikusintha sensayo. Funso langa tsopano: ndigule yatsopano kapena yochotsa pa injini ina?

MwiniSipanala:
Yatsopano, ndipo ikhale ya Honda yeniyeni kapena ya kampani yodziwika. Yakale simungadziwe ngati nayonso imafa ikatentha, chifukwa poiyesa ili yozizira imaoneka yabwino. Akamanga, afufute nambalayo, muiyendetse mpaka itenthe kwambiri, kenako muwerengenso pa makina.