Mwana wa zaka 11 wapitirira ndi makilogalamu 2.4, bambo ake akufuna atsike pofika Loweruka

Kochi wa timu ya ana:
Anzanga a masewero ogwetsana, ndithandizeni nzeru. Mnyamata wa zaka 11, sikelo ikuwerenga makilogalamu 36.4 m'mawa asanadye. Lero ndi Lolemba, mpikisano uli Loweruka. Bambo ake amulembetsa m'gulu la makilogalamu 34, ati kumeneko ndiye angapambane. Kukwera sikelo ndi m'mawa wa tsiku lomwelo, masewero n'kuyamba patatha maola awiri. Mwanayo si wonenepa, nthiti zikuchita kuoneka. Ilipo njira yabwino yomutsitsira, kapena ndingowakanira?

Katswiri wa kadyedwe:
Akanireni, aKochi. Makilogalamu 2.4 pa thupi la 36.4 ndi 6.6 peresenti. Kuti kilogalamu imodzi ya mafuta isungunuke pamafunika makalori pafupifupi 7,700, ndiye 2.4 ndi makalori oposa 18,000. Mwana wa msinkhu uwu amagwiritsa ntchito 2,000 ndi kamphindi patsiku. Ngakhale atagona ndi njala masiku onse asanu sangafikeko. Ndiye chimene chingatsitse sikeloyo si mafuta. Ndi madzi, chakudya cha m'matumbo, ndi shuga wosungidwa m'minofu, amene galamu yake iliyonse imagwira madzi okwana magalamu atatu. Mukamumana chakudya chopatsa mphamvu sikelo itsikadi msanga, koma mwachotsa chimene miyendo ndi mikono yake imadalira pa chigawo chomaliza cha mpikisano.

Dokotala wa zamasewero:
Ndionjezerepo za madziwo. Thupi likataya madzi okwana 2 peresenti ya kulemera kwake, mphamvu zimayamba kuchepa. Kwa mwanayu amenewo ndi magalamu 730 okha, ndipo bambo akupempha katatu kake. Madzi a m'magazi akachepa, mtima umagunda mothamanga kuti magazi afike konse, thupi limalephera kudziziziritsa, minofu imakokana, mutu umawawa, ndipo akadzuka pansi mwachangu amamva chizungulire. Maola awiri sakwana kubwezera zimenezi. Madzi amadzaza m'mimba msanga, koma kuti abwerere mokwanira m'magazi ndi m'minofu pamatenga maola ambiri, nthawi zina tsiku lathunthu kapena kuposa. Mwana amalowa m'bwalo mimba ili tuu, thupi lili louma.

Izi si zoopsezana chabe. Kumapeto kwa 1997, ophunzira atatu a m'makoleji a ku United States, Billy Saylor, Joseph LaRosa ndi Jeff Reese, adamwalira m'milungu isanu akutsitsa sikelo mwa kudzimana madzi ndi kuchita masewero atavala zovala zotulutsa thukuta. Amenewo anali akuluakulu okhwima. Pambuyo pake bungwe la NCAA, loyang'anira masewero a m'makoleji kumeneko, lidaletsa zovala zamphira, sauna (chipinda chotentha chotulutsira thukuta) ndi mankhwala okodzetsa.

Kochi wa achinyamata a kusekondale:
Zonsezo ndikuvomera, koma tisaiwale chimene bambowo akuopa. Mwana akakwera gulu, akumana ndi anzake amene atsitsa sikelo kuchokera pamwamba, ndipo pofika masana adzakhala atadya n'kumulemera. Makolo amaziona zimenezi. Komanso lamulo lolola wosewera kutsika ndi 1.5 peresenti ya kulemera kwake pa mlungu lilipo, bwanji osaligwiritsa ntchito?

Katswiri wa kadyedwe:
Lamulolo ndi la kusekondale ndi kukoleji ku United States, ndipo limayenda ndi zinzake. Ku sekondale, pansi pa malamulo a NFHS, bungwe la masewero a m'masekondale kumeneko, wosewera amayamba wayezedwa mkodzo. Ngati specific gravity (muyezo wa kukhathamira kwa mkodzo) yapitirira 1.025, ndiye kuti ndi wouma, ndipo samuyeza china chilichonse tsikulo. Akapambana pamenepo amamuyeza mafuta. Mnyamata saloledwa kutsika kupitirira 7 peresenti ya mafuta, mtsikana 12 peresenti. Mwachitsanzo, mnyamata wa makilogalamu 60 wokhala ndi mafuta 12 peresenti ali ndi makilogalamu 52.8 a thupi lopanda mafuta. Gawani ndi 0.93 (kuti mafuta atsale 7 peresenti), mupeza 56.8. Pamenepo ndiye pansi pake, ndipo pa magalamu 900 pa mlungu afikapo m'milungu inayi, osati masiku asanu.

Ngakhale titabwereka lamulolo, kwa mwana wa 36.4 likulola magalamu 550 basi. Koma ine sindingalibwereke n'komwe. Mwana amene sanathe msinkhu ayenera kumakwera sikelo chaka ndi chaka. Sikelo yake ikaima miyezi ingapo iye akutalika, ndiye kuti watsika kale.

Dokotala wa zamasewero:
Za anzake olemerawo, mwana wodya bwino amene wapepuka ndi kilogalamu imodzi amakhala bwino kuposa wolemera amene wauma kukhosi. Onani chigawo chomaliza, mudzaona amene manja ayamba kulefuka. Chimene chimandidetsa nkhawa kwambiri ndi chizolowezi. Mwana wophunzira pa zaka 11 kuti chakudya ndi mdani wa mpikisano amayamba kudzimana mkati mwa mlungu, n'kumadya mosadziletsa Lamulungu. Kwa atsikana, kudya mosakwanira kumachedwetsa kapena kuimitsa msambo, mafupa n'kusakhwima bwino.

AKochi, muzionetsetsa izi: mwana wolavulira m'botolo kapena m'kapu, wovala majuzi awiri pa masewero, wokana kumwa pa nthawi yopuma, wothamangira kuchimbudzi atangodya, milomo yosweka, mkodzo wochepa ndi wachikasu chodera. Mankhwala otsegula m'mimba ndi okodzetsa amachotsa potaziyamu, mchere wina wofunika m'thupi, ndipo potaziyamu akachepa mtima umasokonekera kagundidwe. Mwana akasokonezeka mutu, akamasanza kapena kudzandira pa masewero, muimitseni, muziziritseni thupi, ndipo apite kuchipatala nthawi yomweyo.

Kochi wa timu ya ana:
Ndamva. Nanga amene wangopitirira ndi magalamu 200 kapena 300? Ameneyonso akwere gulu?

Kochi wa achinyamata a kusekondale:
Ameneyo nthawi zambiri sanapitirire n'komwe, ndi kayezedwe. Muyezeni madzulo asanagone ndi m'mawa atakodza, masiku atatu otsatizana, pa sikelo imodzi yoikidwa pansi polimba. Kusiyana kwake ndi kumene thupi lake limataya lokha usiku, ndipo kawirikawiri kumakwirira magalamu amenewo. Lachisanu adye chakudya chamadzulo mofulumirirako, chosachuluka mchere, amwe madzi monga mwa masiku onse. M'mawa apite kuchimbudzi, akwere sikelo atavala chovala chosewerera chokha. Sikelo ya panyumba imatha kusiyana ndi ya pampikisano, choncho muziyerekeze ndi chitsulo chimene kulemera kwake mukukudziwa. Zikakanika ndi zimenezi, akwere gulu.

Katswiri wa kadyedwe:
Ndipo muziyeza ana asanayambe masewero ndi akamaliza. Pa magalamu 500 aliwonse otayika, amwe mamililita 600 mpaka 750 pang'onopang'ono asanagone. Kwa bambowo, musakangane nawo mwana ali pomwepo. Alembereni manambala aja papepala: 6.6 peresenti imene akupempha, 2 peresenti pamene mphamvu zimayamba kutha.

Kochi wa timu ya ana:
Zikomo nonse. Ndilankhula ndi okonza mpikisano lero kuti amusamutsire gulu lapamwamba kalembera asanatsekedwe, ndipo bambo ake ndionana nawo mawa masewero asanayambe.