Mtsempha waukulu wa m'mimba mwa bambo anga wafufuma, ndithandizeni nzeru

Abale anga pagulu pano, ndili ku Santhe kuno ku Kasungu. Bambo anga, a zaka 68, akhala akudandaula kuti pamchombo pakugunda ngati pali mtima wachiwiri. Ndinaikapo dzanja, ndithu pakugunda. Atawaunika pa sikani ku Lilongwe, adokotala anati mtsempha waukulu wochokera kumtima, aorta, wafufuma kufika masentimita 4.6, pomwe wabwinobwino umakhala pafupifupi 2.

Anachita kutijambulira papepala. Akuti khoma la mtsempha lili ndi magawo atatu: lamkati losalala, lapakati lotamuka, ndi lakunja lotchedwa adventitia, lolimba ngati luzi. Lakunjali ndi limene limamangirira mtsempha ku ziwalo zoyandikana nawo, ndipo lili ndi timitsempha take timene timadyetsa khomalo. Kwa bambo lapakati lafooka, ndiye mphamvu ya magazi ikutsamira kwambiri pa luzilo. Opaleshoni akuti amayiganizira pakafika 5.5, pakadali pano azingopita kusikani.

Chikundisowetsa tulo n'chakuti akukana kusiya chingambwe. Dzulo ndawapeza kuchigafa akukankha belo okha, akuti anayamba kudinda fodya ine ndisanabadwe. Azakhali nawonso akuti tiwathowe ndi madzi otentha. Kodi chilipo chakudya cholimbitsa gawo lakunjali? Nanga munthu wamkulu ndimuuze bwanji?

Nabanda: Pepani achimwene. Ndine namwino. Zothowa kapena kusinika pamimbapo ayi ndithu. Chakudya chobwezera mtsemphawo m'malo mwake palibe. Chimene chimafulumizitsa kufufumako ndi kusuta, ndiye nkhondo yanu yagona pa chingambwepo. Mankhwala a BP asamadumphitse, zolemera asiyire anyamata. Akadzamva ululu wadzidzidzi kumsana kapena m'mimba, thukuta lozizira, chizungulire, musadzadikire kuti kuche. Thamangirani kuchipatala, pepala la sikani lili m'manja.

Phiri wa ku Kamwendo: Mawu a mwana akuluakulu samva msanga. Pezani mnzawo amene amamulemekeza, kaya mkulu wa mpingo. Agogo anga anasiya fodya atawalankhula mnzawo wa pabawo.

Mwini funso: Zikomo mayi Nabanda, pepalalo ndaliika kale m'buku lawo lakuchipatala. A Phiri, alipo mkulu wina amene anavina naye ubwana, ndipita kukawaona Loweruka. Mabelo otsalawo ndadinda ndekha m'mawa uno iwo asanadzuke.