Kodi nkhani ya chilengedwe ya mu Genesis inachokera ku Babulo?

Abale anga odziwa mbiri yakale, ndithandizeni nzeru. Ndikukonzekera phunziro la achinyamata pa Genesis 1, koma pali nkhani yomwe yandiimitsa mutu.

Ababulo anali ndi nthano yawo yotchedwa Enuma Elish, yolembedwa pa mapale 7 adongo. Zidutswa zake zinapezeka m'mabwinja a Nineve, ndipo George Smith, katswiri wa zolemba zakale wa ku England, anazisindikiza mu 1876. M'menemo mulungu Marduk amapha Tiamat, mayi wa madzi a m'nyanja, n'kumung'amba pakati: mbali ina n'kukhala thambo, ina dziko. Tsono pa Genesis 1:6-7 naponso madzi akulekanitsidwa, ena pamwamba, ena pansi. Nalonso Salimo 74 likuti Mulungu anaphwanya mitu ya Leviyatani, chilombo cha m'nyanja!

Ayuda anatengedwa ukapolo kupita ku Babulo cha m'ma 586 Yesu asanabadwe. Kodi olemba Genesis anabwereka nthanoyi, kapena ankaitsutsa dala? Ine ndikupendekera ku chachiwirichi, chifukwa mu Genesis 1 mulibe nkhondo. Mulungu amangolankhula basi, ndipo dzuwa ndi mwezi, zomwe Ababulo ankazipembedza, zangotchedwa zounikira.

Nanga achinyamatawo akandifunsa kuti inayamba ndi iti, ndiwayankhe bwanji osawagwetsa mphwayi?